Nsalu Zimene Tinayalira Helikopita

Mwa mapepala onse amene ndimasunga, lakale kwambiri ndi lokhuthala, lonona mafuta, lolembedwa m'chilankhulo chimene mpaka lero sindichidziwa. Linakulunga kachitsulo kosaposa chikhatho changa, sipeyala ya helikopita ya asilikali imene inagona pabwalo la sukulu yathu ku Chiringa chaka chimene napolo anakokolola milatho.

Madzi atatsika kuphiri, tinatsekeredwa. Njinga sizinkawoloka, galimoto ndiye osanena. Mlongo wanga wakhanda anadwala chibayo, ndipo kupuma kwake kunkamveka ngati sowo ikucheka thabwa lonyowa. Uthenga unafika kuti helikopita ibweretsa chimanga, pobwerera itenga odwala kupita nawo kuchipatala. Inalipo imodzi yokha ya dera lonselo.

Aphunzitsi anasonkhanitsa makolo. "Alendo otere sapondetsedwa matope," anatero. "Azimayi inu, nsalu zimene mumasungira kutchalitchi zija zituluke." Kwathu mlendo wolemekezeka timamuyalira nsalu kuti ayendepo. Amayi anayala yawo yobiriwira kutsogolo kwenikweni, n'kuipsinja ndi timiyala m'makona.

Tinaimva tisanaione. Phokoso lake linkagunda m'chifuwa, nthaka n'kumanjenjemera kumapazi. Itatulukira pamwamba pa mitengo ya mango, tonse kukamwa yasaa. Nyumba yathu ikanalowa m'mimba mwake, khola la mbuzi n'kupezanso malo.

"Anthuni, tchalitchi chikuuluka!" anakuwa malume.

Kenako chimphepo. Zipewa zinapita, udzu wa padenga unapita, nsalu zonse zinanyamuka ngati akakowa. Imodzi inamezedwa ndi injini. Tinamva kulira kwa zitsulo, fungo la thonje lopserera linatikuta, mapiko ake aakulu anazungulira mwaulesi mpaka anaima. Msilikali anakwera pamwamba n'kusolola zidutswa zobiriwira. Sanakalipire munthu.

Ine ndiye ndimakalipa mpaka lero. Wotumiza uthenga uja zinamuvuta chiyani kuwonjezera kuti pabwalo pasakhale kanthu? Ife helikopita tikanaidziwira kuti? Nanga chimphona chonyamula chakudya cha midzi yathunthu chimayenda bwanji sipeyala yake ili kutsidya kwa nyanja?

Malume, amene ankakonza njinga, anapita ndi thumba lawo la zipangizo. "Abwana, mwina sipanala yangayi ingathandizeko."

"Madala," anaseka msilikali, "iyi si njinga yonyamulira matemba ku Chilwa."

Kwa ife ana inali nyengo yokoma kuposa Khirisimasi. Tinkakhudza nthiti zake zotentha ndi dzuwa, kununkhiza mafuta ake akuthwa ngati palafini, kukhala pamthunzi wa mapiko ake n'kumatsutsana ngati imagona tulo. Amayi ndi malume anayesa kuwoloka mtsinje wapansi kuti apite kuchipatala, mlongo wanga ali kumsana, koma anabwerera atanyowa mpaka m'chiuno. Patangopita masiku ochepa kupuma kuja kunasiya kumveka m'nyumba mwathu.

Sipeyala inafika titaika kale maliro, madzi ataphwa, msilikali atainyamula m'chikwama ngati kamba wa paulendo. Tsiku lonyamuka mudzi wonse unathamangira kubwalo, limene tsopano linali lopanda ngakhale tsamba. Ine ndinathamangira kunyumba.

"Amayi, tiyeni, ikudzuka!"

Anandiyankha m'Chilomwe, motsitsa mawu, kuti ndipite ndekha, n'kutseka chitseko. Ndinabwerera kubwalo ndikuwamvera chisoni kuti munthu wamkulu ngati iwo akuopa phokoso, ndipo aphonya chinthu chokongola chonchi.