Tsiku Limene Tinasita Mapepala pa Njuli

Ine ndine Ellina, telala wa pa Njuli, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri chondilekanitsa ndi a Nabanda chakhala khoma limodzi. Khomalo n'lopyapyala moti iwo akayetsemula, pepani amachokera kwanga. Mbali yanga kuli makina osokera ndi simbi ya makala. Mbali yawo kuli kompyuta, pulinta ya inki ndi benchi yomwe amakhalapo onse ofuna kalata yofunsira ntchito, pulogalamu ya maliro kapena makadi a ukwati.

A Nabanda ndi mayi wamfupi, wa magalasi omangirira ndi ulusi wanga, ndipo sasunga mawu m'kamwa. Kutayipa anaphunzirira pa makina akale ogogoda aja, ku ofesi ina pa boma, n'chifukwa chake mpaka lero amamenya mabatani a kompyuta ngati awalakwira. Pepala losaoneka bwino salilola kutuluka pakhomo pawo. Ndinawaonapo akung'amba makadi makumi atatu mwiniwake akuchonderera kuti angotenga choncho.

Amuna awo, a Mikaele, amene iwo amawaitana kuti abambo a Gladson, anali mesenjala ku ofesi yomweyo. Atapuma ntchito anadzipatsa udindo umodzi womwe palibe anawatuma. Nyengo ya mvula ndi ya chiperoni, madzulo aliwonse ankakulunga mapaketi a mapepala m'chitenje, kupita nawo kunyumba, kukawagoneka pamwamba pa wadirobu, m'mawa n'kubwera nawo atawabisa m'jekete. Tinkawaseka mpaka misozi.

"Anzawo akubereka adzukulu, anga akubereka mapepala," ankatero a Nabanda, makasitomala ali pomwepo.

A Mikaele sankakwiya. Ankangoti, "Pepala limamva kuzizira," n'kukhala pakona.

Kenaka kunabwera matenda oiwala. Anayamba ndi makiyi, n'kufika pa mayina, mpaka ine ankanditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Itatha Pasaka ya chaka chatha, a Nabanda anawaletsa kubwera ku shopu chifukwa ankadutsa msewu wa Zomba osayang'ana. Kuyambira pamenepo mapepala ankagona m'katoni, pansi pa tebulo, pasimenti. Palibe anaganizapo kanthu, ngakhale ine amene ndimadziyesa wochenjera.

Linali Lachiwiri la mu Julaye chaka chomwecho, chiperoni chili pa tsiku lachitatu, phiri la Chiradzulu losaoneka n'komwe. Seveni itangokwana ndinaona a Nabanda akubwera chothamanga, opanda duku, matope mpaka m'maondo.

"Ellina, abambo a Gladson atuluka. Ndadzuka chitseko chili chotsegula."

Anali atafika kale kutchalitchi, kumanda ndi kwa aneba onse. Apolisi anali atauzidwa. Koma ine chimene chinandiopsa sikunali kuzizira kokha. Kuno kwathu nkhalamba yachilendo ikapezeka m'mawa kuseri kwa nyumba ya munthu, yosatha kunena dzina lake kapena kwawo, ena sachedwa kufuula kuti mfiti yagwa. Miyala imayamba mafunso asanafunsidwe. Tonse awiri tinkadziwa zimenezi.

A Bernard, tcheyamani wa akabaza, anabwera ndi anzawo asanu ndi mmodzi, njinga zamoto zili ndandanda pakhonde pathu.

"Mayi, tipangireni mapepala a chithunzi chawo ndi nambala yanu. Timata ku Namadzi, kuboma ndi njira ya ku Limbe, ena tipatsa makondakitala. Koma ikakwana naini sinditha kuwagwira anzangawa, nawonso ali ndi ana."

A Nabanda anakhala pa kompyuta. Anaika chithunzi cha a Mikaele cha pa ubatizo wa mdzukulu, pansi pake n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti bamboyu akudwala matenda oiwala, chonde musamupweteke, imbani nambala iyi. Pulinta inakoka pepala, inayenda uku ndi uku, n'kulilavula.

Ndinalitenga ine n'kuliyang'ana. Chilembo chilichonse chinali chitamera ubweya. Inki inali itayenderera, mawu ataphatikizana, manambala osadziwika kuti iyi ndi thiri kapena eyiti. Nkhope ya a Mikaele inali chithunzithunzi chakuda cha maso obowoka, choti mwana atachiona akhoza kuthawa.

"Ndi inki yachabechabe ija ndinagula ku Limbe," anatero a Nabanda. "Sabata yonse yakhala ikundichita mwano."

Anauza makinawo kuti atsuke timabowo totulutsa inki. Ntchito imeneyo imatenga mphindi zingapo, pulinta ikungolira osatulutsa kanthu, ndipo sindinaonepo mphindi zazitali ngati zimenezo. Pepala lachiwiri linatuluka chimodzimodzi. Anatsukanso. Anatsegula chivindikiro, kupukuta m'kati ndi kansalu kanga, kuonjezera inki ndi jakisoni mpaka zala zonse zinada. Anasintha zina pa kompyuta zomwe ine sindizidziwa. Pepala lachisanu linaipa kuposa loyamba, chifukwa tsopano inki inali yambiri.

Panja njinga imodzi inalira n'kunyamula kasitomala. A Bernard anasuzumira pakhomo.

"Mayi, hafu eyiti yadutsa. Bwanji tingotenga omwewa?"

"Mukamate chiyani, a Bernard? Nambala yosawerengeka? Nkhope iyi? Mukufuna anthu akawaone ngati chilombo?"

Anakalipa, koma mawu awo anathera m'misozi. M'zaka zonsezi ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo.

Ndinati basi, nambalayo ndilemba pamanja. Ndinatola cholembera chachikulu chija chakuda, n'kusolola pepala loyera m'katoni. Ndisanalembe n'komwe, zala zanga zinandiuza. Telala akhoza kukhala mbuli pa zonse, koma nsalu yosauma bwino amaidziwa ali chitsinzinire. Pepalalo linali lozizira, lofewa, lolemera ngati malaya ogona pachingwe.

"A Nabanda, vuto si makina anu. Mapepalawa amwa chinyezi."

Analigwira, kuliyika patsaya, n'kuyang'ana katoni ili pasimenti paja.

"Pepala limamva kuzizira," anatero motsitsa mawu. "Mayi ine! Zaka zonsezi ndimawaseka."

Nthawi yolira panalibe. Ndinathamangira kwa mayi wokazinga mandasi kutsidya kwa msewu, ndinapala makala amoto osapempha bwino n'komwe, n'kudzaza simbi yanga. Pepala loyamba ndinalipsereza. Lachiwiri linapindika ngati tsamba la fodya, pulinta n'kulitafuna, a Nabanda akulichotsa zidutswazidutswa uku akutchula oyera mtima onse. Ndipamene ndinayala nsalu pamwamba, kusita mopepuka mbali zonse, n'kutsindika mapepalawo ndi thabwa langa lodulirapo kuti azizire ali owongoka.

Naini inali itatsala mphindi khumi pamene tinaika lina. Tonse maso anali pa pulinta. Linatuluka pang'onopang'ono, ndipo choyamba kuoneka chinali chipumi cha a Mikaele, kenaka maso awo ofatsa aja, kenaka mawu akuda bii, akuthwa, nambala iliyonse payokha.

"Sitani, Ellina! Sitani!"

Ndinasita mapepala makumi anayi, thukuta likutsika pakati pa chiperoni. Akabaza ankawalanda akadali ofunda, kuwabisa m'majekete, n'kubalalika.

Kudikira ndiye kunapweteka kuposa zonse. A Nabanda anaika foni patebulo n'kumangoiyang'ana. Inalira cha m'ma leveni, koma anali Gladson, mwana wawo wa ku Lilongwe, ndipo anamukalipira kuti achoke pa foni. Inaliranso masana, munthu wina akuti waona nkhalamba ku boma, koma atafunsidwa bwino inali yaikazi. Ndinawapangira tiyi, anazizira osakhudzidwa.

Itangodutsa thiri koloko inaliranso. Anali mayi, akulankhula mothamanga, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la anthu.

"Ndine Amira, ndimagulitsa chinangwa pa Namadzi. Bambo a papepalawa ali pano. Bwerani msanga, anthu awazungulira."

Sindikumbukira mmene tinakwerera njinga. A Bernard anatenga a Nabanda, ine mnzawo, ndipo njira yonse ndinkangoti Ambuye, asayambe.

A Mikaele tinawapeza kuseri kwa magolosale, atakhala pa thumba, nsapato imodzi palibe. Anthu analipo ochuluka, ena miyala ikadali m'manja, akuibisa kumbuyo. Patsogolo pawo panaima Amira uja, mayi wamtali wa mpango wobiriwira, atatambasula pepala lathu ngati chikwangwani. Anatiuza kuti bambowa anapezeka akuzungulira nyumba za anthu, osayankha, atakumbatira chinthu m'jekete. Atauzidwa kuti aonetse anakana n'kuyamba kulimbana, anthu n'kumati ndi zithumwa. Iye anali atalandira pepalalo kwa kondakitala m'mawa, n'kukulungira ndalama. Ataona nkhope anathamanga, kuliwerenga mokweza katatu konse mpaka anthu anabwerera m'mbuyo.

"Chithunzicho chikanakhala chosaoneka, sakanandimvera," anatero.

A Nabanda anagwada m'matope patsogolo pa amuna awo.

"Abambo a Gladson, ndine. Tiyeni kunyumba."

A Mikaele anandiyang'ana ine osandidziwa. Anayang'ana akazi awo nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera ndi kuzizira. Kenaka anamasula mabatani a jekete limodzilimodzi, n'kutulutsa chinthu chija anakana kuonetsa gulu lonse. Chinali chitenje chakale cha a Nabanda, m'kati mwake muli theka la paketi ya mapepala, lomwe linaiwalika pamwamba pa wadirobu kuyambira Pasaka. Malaya awo anali onyowa mpaka pakhungu.

"Shopu ndaisowa, mwaisamutsa eti?" anatero. "Landirani. Sananyowe."

A Nabanda anasolola pepala limodzi n'kuliyika patsaya. Linali louma, lofunda ndi thupi la amuna awo. Amene anali ndi miyala ndinawamva akuigwetsa pansi mmodzimmodzi.

Masiku ano kukachita chiperoni, ndimawaona m'mawa akubwera awiri m'mbali mwa msewu. A Nabanda amagwira dzanja la a Mikaele, ndipo mapepala amanyamula ndi a Mikaele, m'jekete.