A Pukutani Akaonetsa Banja Nyanja Yamchere

Dzina loti a Pukutani sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, chifukwa palibe amene ankakwera galimoto yawo asanamve mawu amenewo. Kaya ndiwe m'busa, kaya ndiwe mkwatibwi wovala zoyera, bamboyo ankayamba wakutambasulira kansanza: "Pukutani mapazi." Tsiku lina anauza mayi woyembekezera, matenda atayamba kale, kuti apukute kaye asanamutengere kuchipatala. Kuyambira pamenepo ngakhale ana asukulu ankawalonjera ndi dzina lomwelo, eni ake n'kumayankha mokondwa poyesa ulemu.

Ntchito yawo inali yogulitsa penti m'sitolo ya zipangizo zomangira. Anakalambira kuseri kwa kauntala imodzimodziyo, pakati pa zitini ndi mabulashi, ndipo pa zonse za pansi pano anaphunzira chinthu chimodzi chokha: dzimbiri. Anthu ena amaopa imfa, ena amaopa apongozi. A Pukutani ankaopa dzimbiri. Munthu wongofuna kachitini ka penti yoyera ankatuluka m'sitolomo miyendo itachita dzanzi, atamva ulaliki wonse wa momwe chinyezi chimadyera chitsulo, ndi kuti mchere ndiye mfiti yeniyeni.

Akazi awo anali telala, ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde. Mayiyo ndiye ankawadziwa bwino a Pukutani, chifukwa anakwatiwa nawo akadali ndi njinga yakapalasa. Ngakhale nthawi imeneyo, akafika pamatope ankawatsitsa akazi awo, n'kunyamula njingayo paphewa, mayi akuwoloka wapansi. Chikondi ndi matenda, abale. Mayiyo ankaona ngati ndi ukhondo.

Pofunsira mbeta, bamboyo analonjeza chinthu chimodzi. Mtsikanayo anali atawauza kuti anamva za nyanja yamchere, yopanda tsidya, imene madzi ake amathawa okha n'kubweranso okha, ndipo ankafuna kudzaiona ndi maso ake. "Ndikadzagula galimoto, ndidzakutengera komweko," anatero a Pukutani, dzanja lili pamtima.

Galimotoyo anaiguladi, mwana wawo wamkazi ali kale kusekondale. Inali yakale, yodutsa m'manja mwa anthu angapo, koma inalandiridwa ngati mkazi wachiwiri. Anaimangira galaja denga la kukhitchini likudontha. Mipando anaikuta ndi mapulasitiki, ndipo chinsalu choifunditsa usiku anasoka ndi mayi omwewo. Loweruka lililonse ankaipaka polishi, kuinong'oneza, kuigwadira poyang'ana kunsi kwake. Za kunyanja zikafunsidwa, yankho linali lakuti chaka chamawa. Mayiyo ankadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadekha mpaka mwana uja anakwatiwa, nabereka mwana wake.

Kenako maso a mayiyo anayamba kuzima. Poyamba ulusi unkakana kulowa m'singano. Pambuyo pake anasoka thumba la shati mozondoka, kasitomala n'kulalata. Mwana wawo anapita nawo kwa dokotala wa maso, amene ananena mosabisa kuti mitsempha ikufota, palibe opaleshoni yothandiza, ndipo chaka chikubwerachi mwina azidzangosiyanitsa usana ndi usiku. A Pukutani ndiwo anawaperekeza, koma mawuwo sanawamve. Anali panja, akuthamangitsa mbalame mumtengo umene anaimikapo galimoto.

"Bambo, amayi akuchita khungu," mwanayo anawauza madzulo ake. "Ngati muli ndi chowaonetsa, aonetseni pano."

"Ukalamba umenewo, tonse tili nawo. Agule magalasi."

Mayiyo anamva ali kuchipinda, ndipo mantha anawagwira. Sankaopa mdima wokha. Ankaopa kuti mdimawo uwapeza asanaone chinthu chimodzi chokhacho chimene anapempha pa moyo wawo wonse.

Musaganize kuti ndi chisoni chimene chinawanyamutsa a Pukutani. Ayi ndithu. Mnzawo wa kuntchito, wogulitsa simenti, anabwera kuchokera kutchuti ndi foni yodzaza zithunzi za kunyanja, ndipo pamaso pa makasitomala anati, "Koma galimoto yanu ija siingafike. Ingafere pachitunda choyamba." Basi, zinakwana. Sabata isanathe, a Pukutani analengeza kunyumba kuti banja lonse likupita kukaona malo.

Ananyamuka anthu anayi: bambo pachiwongolero, mayi pambali pawo, mwana wawo ndi kamdzukulu kakakazi kumbuyo. Malamulo anawerengedwa injini isanalizidwe. M'galimoto osadyeramo, osamweramo, osatsamira chitseko, osajambula ndi chala pagalasi. Kamdzukulu kanali ndi bisiketi m'thumba, kanangoigwira mpaka inasanduka ufa. Pulasitiki ya pampando inkawamata mayiyo kumsana, koma sanadandaule. Anavala diresi yawo yabwino, yomaliza imene anasoka maso akadalola.

Msewu wopita kugombe unali ndi zinthu zambiri zofunika kuona, ndipo a Pukutani anali atazifunsa zonse kwa wogulitsa simenti uja, kuti pasadzakhale malo amene mnzawo anafika iwo osafika. Oyamba anali malo oweta ng'ona. Anaima pageti, pomwe phula linathera. Kutsogolo kunali kamsewu kamiyala.

"Miyala imeneyi imagenda penti," anatero. Anatsika okha, najambula galimoto ili pafupi ndi chikwangwani chokhala ndi ng'ona yoyasamula, n'kubwerera. "Mwaona?"

"Agogo, ng'ona zili m'kati!" kamdzukulu kanafuula.

"Ng'ona ndi ng'ona. Yojambulayi ndiye yabwino, siluma. Mayi, mwaona?"

"Ndaona," anatero mayiyo, monga ankayankhira zaka zonsezi. Chimene anaona chinali chinthu chobiriwira, chosadziwika mutu ndi mchira.

Ku malo osewerera ana zinali chimodzimodzi. Kunali makatungwe azitsulo ozungulira m'mwamba, nyimbo, ana akukuwa ndi ayisikilimu m'manja. A Pukutani atangoona ayisikilimuyo akuchucha m'zigongono za ana a eni, anaponda mafuta. Kamdzukulu kanalira chamumtima, kenako mokweza, ndipo agogo ake anakachenjeza kuti misozi ili ndi mchere, isagwere pampando. Paphanga lotchuka la mileme anaima patali chifukwa cha zitosi. Pansanja yakale yowunikira zombo mlonda anawakodola kuti alowe, malo oimika galimoto alipo, koma iwo anapukusa mutu atanunkhiza mphepo.

Apa mwana wawo anapsa mtima. "Bambo, ndiye tabwera kudzatani? Kuyambira m'mamawa tili m'chitini muno ngati nsomba!"

A Pukutani anamuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo, ndi nkhope ya munthu amene akuphunzitsa chitsiru. "Iwe unapita kusukulu. Anthu oyenda ngati ifeyo amatchedwa chiyani? Alendo odzaona malo. Odzaona. Sanati odzagwira malo, kapena odzaponda malo, kapena odzalowa. Tinabwera kudzaona, ndipo tikuona."

Ha! Nzeru zimenezo anazinena monyadira, mpaka anazibwereza kawiri kuti zikhazikike. Mayiyo anangopinda manja pamiyendo. Mumtima ankati zonsezi zipite, ng'ona, mileme, nsanja, alibe nazo ntchito. Nyanja yokha. Nyanja ndi yaikulu, ngakhale maso ofooka sangaiphonye.

Dzuwa lili paliwombo anafika pamwamba pa chitunda chomaliza. Panali malo otakasuka pomwe magalimoto amaima, mpanda wachitsulo, chimbudzi cha alendo kumanzere, ndi amayi ogulitsa zigoba za nkhono. Kuchokera pamenepo msewu wabwinobwino waphula unkatsika mokhotakhota mpaka kumchenga, ndipo magalimoto a anthu ena ankatsika ndi kukwera, ana akutulutsa mitu m'mawindo. A Pukutani anakoka handibuleki.

"Tafika. Nyanja ndi imeneyo."

"Bambo, msewu ukupitirira," mwanayo anatero.

"Upitirire wokha. Kumusi uko mphepo yake ndi mchere wokhawokha. Galimoto ikagonako ola limodzi, pakutha pa mwezi kunsi konse kwafumbwa. Ine ndimagulitsa penti, ndikudziwa chimene ndikunena." Anatsitsa windo pang'ono, pongokwana zala. "Onani kukongola kwake. Mayi, lonjezo lija ndi limeneli. Mwaona?"

Mayiyo anatong'ola maso mpaka anatuluka misozi. Kutsogolo kwawo kunali kuyera basi, kumwamba ndi pansi chimodzimodzi, ngati nsalu yoyera yoyanikidwa pafupi ndi nkhope. Mawu aja anali atafika kale pamilomo, okonzeka kutuluka okha. Anawameza.

"Sindinaone."

"Mwati?"

"Ndati sindinaone, bambo. Ng'ona sindinaione, nsanja sindinaione. Nyanjanso sindikuiona."

"Aa, inunso! Chinthu chachikulu chonchi? Mukufuna ikulonjereni?"

Mayiyo anafufuza chotsegulira chitseko, natsika. Miyendo inali itauma ndi ulendo. Anakonza diresi yawo kumbuyo, nanena mosakweza mawu kuti ngati galimoto ikuopa, iwo apita wapansi. Anayamba kuyenda, dzanja limodzi lili patsogolo, molimba mtima ndithu. Koma ankalowera kumanzere, kuchimbudzi cha alendo, kumene khoma lopakidwa laimu linkawala kuposa china chilichonse.

A Pukutani anaphulika nako kuseka. Anaseka mpaka kumenya chiwongolero, n'kupukuta msanga pomwe anamenyapo. "Nyanja ili uku, mayi! Uko n'kuchimbudzi!" Anatembenuka kuti aseke ndi ena, koma mwana wawo anali atatsika kale, akuthamanga, kamdzukulu kali pambuyo. Amayi ogulitsa zigoba aja ankawayang'ana bamboyo ngati akuyang'ana chonyansa chimene galu wasiya pakhomo. Kuseka kunawathera m'kamwa. Koma musati anatsika. Anakweza windo.

Mwanayo anawagwira amayi ake pamkono, nawatembenuzira kunyanja. Anatsika msewu uja atatu, pang'onopang'ono, magalimoto akuwapatukira. Unali mtunda ndithu kwa munthu wamkulu. Mayiyo anayamba kumva nyanjayo asanaifike: mkokomo wosatha, wobwera ndi kupita, ndi fungo limene sanalimvepo chibadwire. Phula litatha anavula nsapato, mchenga n'kuwawotcha kumapazi. Kenako mchengawo unazizira, unalimba, ndipo mwadzidzidzi madzi anawamenya m'miyendo mpaka m'mawondo. Anakuwa ngati kamtsikana, atakakamira mkono wa mwana wawo.

Ali pafupi chonchi, china chake chinkaoneka. Ankaona mzere woyera ukubwera, kusweka pamapazi awo, n'kuthawa. Kupitirira pamenepo kunalibe kanthu. Tsidya losaonekalo, zombo, kukula konse kumene anakudikira kuyambira ali mbeta, zonsezo zinali zitatsekeka kale.

"Ndi yamtundu wanji?" anafunsa.

"Pafupi pano ndi yobiriwira, amayi. Kutaliko ndi yabuluu, buluu wakuda."

"Ngati wa masiketi a yunifolomu?"

"Kuposa pamenepo."

Mayiyo anagwedeza mutu. Anawerama, natunga madzi m'manja, nalawa, n'kulavula akuseka, kenako analira. Analira ndi mkwiyo, chifukwa anadziwa kuti akanabwera zaka zingapo m'mbuyomu, akanaiona yonse, ndipo galimoto inalipo nthawi yonseyo, itafunda nsalu yosoka iwo. Kamdzukulu kanali katanyowa kale mpaka m'khosi. Anakhala pamenepo mpaka mayiyo ananena okha kuti kwakwana.

Kukwera kunali kowawa kuposa kutsika. Atafika pamwamba, diresi itauma ndi kuyera mchere, anapeza malo aja pali galimoto ina. A Pukutani anali atamva kuti mphepo yatembenuka, ndipo anasunthira kutsidya la msewu waukulu, patali, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Anaimirira pamenepo padzuwa, akukupiza manja onse awiri m'mwamba, ngati munthu woitana basi, kuti akazi awo awaone.

"Amayi, bambo ali uko, akutikodola," mwanayo anatero.

Mayiyo anakhala pansi pamwala, nayamba kuchotsa mchenga pakati pa zala za kumapazi, mosafulumira.

"Asiye akodole, mwanangu. Ine sindikuwaona."