Chitseko cha ku Magaleta

Nditangotumizidwa ku Neno kudzagwira ntchito ya unamwino, bambo anga kwathu ku Dowa ankandipempha zithunzi za kumene ndikukhala. Ndinawatumizira chipatala, maofesi a pa boma, ngakhale minibasi yopita ku Blantyre. Tsiku lina anandiimbira foni.

"Mwana wanga, nyumba zotere zili paliponse. Ndionetse mmene anthu akumeneko amamangira mbuzi."

Ndinaseka, komabe kuyambira pamenepo ndinayamba kuyenda maso ali pansi. Ndinkajambula makoko a nachesi ouma pamwala, mpini wa khasu wosalala ndi thukuta, mapazi a nkhuku amene anadindika pa simenti ya khonde la golosale.

M'mawa wina tikupita kusikelo ya ana kumidzi ya ku Magaleta, galimoto inatitimira m'matope, ndiye mtunda wotsalawo ndinayenda wapansi. Pakhomo pena ndinaona chitseko cha khitchini cholumikizidwa ndi zidutswa za tayala la njinga, zokhomedwa ndi misomali yopindika. Ndinaima n'kujambula.

"Kodi mukujambula chiyani, anamwino? Umphawi wangawu?"

Anali mayi achikulire, eni khomolo, lichero lili m'manja. Ndinachita manyazi. Ndinapepesa kuti sindinayambe ndapempha, ndipo ndinati ngati sakufuna ndifufuta.

"Ngati n'kujambula, dikirani ndivale," anatero.

Analowa m'nyumba n'kutuluka atavala chitenje chatsopano ndi duku, naima njo, manja ali m'mbali. Ndinawajambula. Chithunzi chawocho anangochiona pang'ono n'kunena kuti, "Ndakalamba, eti?" Koma nditawaonetsa cha chitseko, anaika lichero pansi n'kubweretsa foniyo pafupi ndi maso.

"Misomali iyi anakhoma ndi malemu amuna anga. Analibe hamala, ankakhomera mwala, n'chifukwa chake yapindika chonchi. Tsiku lililonse ndimatsegula chitsekochi, koma ndinali nditasiya kuiona."

 

Kenako anandigwira dzanja n'kuyamba kundizunguza pakhomopo. Anandionetsa mtondo wong'aluka umene malemuwo anaumanga ndi waya, ndi msomali wa pamtengo wa mapeyala pomwe ankakolekapo wayilesi akamasema mipini. Chilichonse amati, "Jambulani ichinso." Sanafunsenso za umphawi.

Pomaliza anapempha kuti ajambule okha. Ndinawaonetsa podina. Anawerama pa mphero yawo n'kudina. Chithunzicho chinatuluka chosaoneka bwino, theka lake litatsekedwa ndi chala chawo. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kundiletsa kufufuta.

Kusikelo ndinafika mochedwa. Azimayi anali atakhala kale pansi pa mtengo, ana ali pamiyendo, ndipo mnzanga wa zaumoyo anandifunsa kumene ndinatsalira. Ndinangoti ndinachedwa ndi alendo, ngakhale mlendo ndinali ineyo. Ndinasamba m'manja n'kuitana mwana woyamba.