Nkhadze za m'malire

Mdzukulu wanga atasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira za uinjiniya, sanasangalale. Ankangokhala pakhonde, foni m'manja, maso ali kumunda wa manachesi umene malemu mayi ake anamusiyira. Kwathu kuno munda umatsata mwana wamkazi, koma mwini wake akatalikira, munda umayamba kuchepa wokha.

"Agogo, ndikapita zaka zonsezo, mitengoyi aziyang'anira ndani? Bwanji ndingochita za uphunzitsi, ndizikhala pafupi?"

Ndisanaganize bwino, anatulukira amalume ake, mwana wanga wobereka ndekha, amene anakwatira ku Chifunga. Munthu amene sanamugulirepo mtsikanayu ngakhale pensulo, tsikulo anabwera ndi nkhuku kukhwapa, mkazi wake pambuyo, mano ali pamtunda.

"Pita, mwana wa mlongo wanga! Udzatimangire mlatho, tileke kuvula nsapato pamtsinje. Za munda usade nazo nkhawa, ife tilipo."

Ife tilipo! Mawu amenewo anandinyansa ngati ntchentche m'thobwa. Nkhuku ndinalandira, koma maso sindinawachotse pa iwo. Mtsikana ali kusosola nkhukuyo, awiriwo anati akukapitidwa mphepo. Ndinawatsata chapatali. Ndinapeza mpongozi wanga akugwedeza ndi phazi nkhadze za m'malire, kuona ngati zingazuke, mwamuna wake akuloza mitengo yobereka kwambiri. Anali atayamba kale kutchula ogula a ku Zalewa.

"Kodi mphepo yake imapezeka m'malire, eti?"

"Aa, amayi, timangoona basi," anatero mwana wanga.

"Kazionani kwanu. Iwe unakwatira, munda wako uli kwa akazi akowa."

Nkhuku ija sindinailawe. Atachoka ndinamuitana mdzukulu wanga. Za uinjiniyazo sindizidziwa, ndipo anthu ovala zipewa zolimba sindiwakhulupirira kwenikweni, koma mwanayu ndinkamuona kuyambira ali wamng'ono akupatutsa madzi a mvula ndi timiyala kuseri kwa nyumba.

"Ukakhala chifukwa choopa amalume ako, ndiye kuti akubera sukulu m'malo mwa munda. Pita."

"Nanga inu, Agogo, ndi miyendo yanuyo?"

Miyendo imawawa, inde, koma maso akadali akuthwa. Tsiku limene anakwera minibasi pa Boma, ndinanyamula mphasa ndi mbale zanga kusamukira m'nyumba ya malemu, pakati pa manachesi. Ndili momwemo mpaka lero. Mwana wanga uja amabwerabe, amati kudzandizonda. Ndimamuikira mpando woyang'ana kumsewu, msana kumanachesi.