Chimangirizo cha mayunitsi ochepa

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, chifukwa chake mukafunse mbuzi za amalume. Koma chaka chimene mdzukulu wanga wamkazi analephera kachiwiri mayeso a Sitandade 8, ndinasanduka mphunzitsi popanda wondilemba ntchito.

Amayi ake, mwana wanga amene amagulitsa manachesi ku Mwanza, anali atanena mosabisa kuti akalepheranso, basi, akagwire ntchito ya m'nyumba ku Blantyre. Mtsikanayo masamu ankawatha bwinobwino. Chomugwetsa chinali chimangirizo. Aphunzitsi ake nditakumana nawo pamsika ku Dambe anati, "Agogo, mwanayu nthawi imamuthera asanayambe nkhani."

Ndinamuuza kuti andiwerengere za m'kope lake, poti ine zilembo zing'onozing'ono ndimangoona nyerere. Mutu unali wakuti "Tsiku la msika". Anayamba: "Choyamba ndikupereka moni kwa inu amene mukuwerenga. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lanu. Ife kuno tili bwino, kungoti agogo akudandaula bondo." Bondo langa linalowa, mvula inalowa, chimanga cha azakhali ake a ku Matandani chinalowanso. Tsamba linadzaza, msika osafika.

"Iwe, kodi wochonga mayesoyo ndi apongozi ako?"

"Nanga agogo, munthu wamkulu ndingomuyamba ndi nkhani ngati ndikukalipira galu? Si inu nomwe munandikoka khutu nditadutsa alendo osawapatsa moni?"

Apa anandigwira. Khutulo ndinalikokadi, mwinanso kawiri. Sabata ziwiri tinalimbana. Ndikafufuta moniyo lero, mawa ankabwera atavala malaya ena. Ndikamuletseratu, dzanja lake linkangouma pamwamba pa pepala.

Tsiku lina mbuzi yathu inavulala, ndiye ndinamupatsa foni yanga kuti awaimbire amayi ake. Ndinamuchenjeza kuti mayunitsi atsala ongolawa. Ndinangomva: "Amayi, mbuzi yaikazi ija yathyoka mwendo. Inagwera m'dzenje loumbira njerwa m'mawa. Taimanga ndi nsungwi koma sikudya. Loweruka mubwere ndi mankhwala." Foni n'kuduka.

Ndinadzuka pampando ngati wakhalira linthumbu.

"Moni uja wamusiya kuti?"

"Mayunitsi, agogo."

"Amayi akowo akwiya?"

"Ayi, angoti chabwino."

"Ndiye chimangirizo n'chimenecho, mkazi wanga! Wanena chachitika, wanena mmene chachitikira, wamaliza ndi chofunika. Wochonga uja ndi foni yokutha mayunitsi. Ulemu wake ndi kusamutayira nthawi."

Kuyambira tsiku limenelo, akaweruka kusukulu tinkakhala pansi pa mnachesi. Ine ndinkaika foni yozima kukhutu n'kumupatsa mutu: kukumba mbatata, ulendo wa kuchipatala, mlatho umene unakokoloka. Iye ankafotokoza pakamwa. Akangoyamba kuzungulira, ine: "Tiii, tiii, yaduka! Imbaninso, mayi." Akafotokoza mpaka kumathero foni isanaduke, ndiye ankatenga kope n'kulemba, mfundo iliyonse ndime yakeyake. Pamenepo n'kuti tikuwonjezera mnofu, fungo la usipa pamsika, kulira kwa njinga zamoto, koma fupa lili kale m'malo.

Anthu odutsa ankaima kumationerera. Mwini golosale wa pafupi, Msilamu wofatsa amene timanyogodolana tsiku ndi tsiku, anandifunsa ngati ndayamba kuimbira akufa. Ndinati inde, ndipo akukufunsani. Mawa lake iye yemweyo anatumiza kope latsopano.

Panali tsiku mtsikanayo anataya cholembera n'kuyamba kulira, ati ndikumuzunza. Foni ndinali nditaidula kasanu ndi kawiri. Mtima unandipweteka, koma ndinakumbukira ana a m'mudzi muno amene anapita ku Blantyre kukachapa matewera a eni. Ndinatola cholemberacho n'kumugwiritsa. "Lira, koma misozi igwere pambali. Pepalali ndi lodula." Anaseka ali m'kati molira, n'kuyambiranso.

Zotsatira zitatuluka, dzina lake linali pa gulu la osankhidwa kupita kusekondale yoyendera. Amayi ake anabwera ndi nsalu ya yunifolomu, za ku Blantyre osazitchulanso. Tsono sekondaleyo ili kutali, kuseri kwa mapiri awiri, ndipo mvula ikagwa njira yake imasanduka phala. Madzulo omwewo ndinatsitsa njinga yanga yakale imene inkalendewera kudenga, n'kuyamba kufufuza pamene chubu chinabooka, kuti mtsikanayo azipitira kusukulu.