Kompyuta ya ku Milonde inkaiwala

Ntchito ija ndinaipeza chifukwa cha pakamwa, apa ndisaname. Pepala la zamakompyuta ndinalibe, mpaka lero ndilibe. Zonse ndinaphunzirira pa foni, kuonera mavidiyo nditakhala pa khonde la shopu ina pa Chitakale pomwe netiweki inkagwira bwino. Anthu ankandidziwa kuti ndine wokonza mafoni. Ikadzaza, ikatentha, mwini wake akaiwala pasiwedi, ankabwera kwa ine. Ndiye tsiku lina anabwera abwana a bungwe lina la alimi ang'onoang'ono a tiyi ndi nandolo, foni yawo ikukana kutsegula zithunzi. Kukonzako kunali kwa mphindi zisanu, koma kulankhula ndinalankhula pafupifupi ola. Pochoka anati ndikawapeze ku ofesi Lolemba.

Anandipatsa miyezi itatu yondiyesa. Ikatha bwino, kalata ya ntchito yokhazikika. Mayi anga sabata yomweyo anali atauza kale amvano onse kuti mwana wawo wayamba ya mu ofesi, moti zobwereranso pa benchi ya mafoni sindinkafuna n'komwe kuziganiza.

Ntchito yake inali iyi. Bungwe linali ndi maofesi atatu: yaikulu pa Chitakale, ina ku Thuchila, ina ku Milonde. Makalaliki ankalemba m'mabuku mayina a alimi, midzi yawo, mbande zomwe alandira ndi tsiku lomwe alangizi awayendera. Mabukuwo ankabwera pa kabaza kumapeto kwa mwezi, ena atanyowa, ena mbewa zitalawako. Ndiye a ku likulu anapanga mafomu atsopano otsegukira mu bulawuza, pulogalamu ija timalowera pa intaneti. Fomu yake yochenjera bwanji. Ukasankha mudzi, mayina a alimi ankangotsika okha. Ukalumpha malo, pankafiira. Koma kuti ichite zonsezo, kompyuta iliyonse inkafunika kuiikira kapulogalamu kowonjezera mu bulawuzamo. Popanda kameneko fomu inkatseguka ngati chithunzi chabe, kudina paliponse osagwedezeka. Malangizo a ku likulu ankati kapulogalamuko ungathe kukatumiza kumakompyuta onse kamodzi uli pampando. Kwawoko mwina. Athu sankadziwana, iliyonse inali payokha ngati mbuzi zomangidwa pazikhomo. Makompyuta khumi ndi anayi, wowayendera ine ndekha, fulashi m'thumba.

Asanu ndi limodzi a pa Chitakale anali malaputopu atsopano, ndinamaliza tsiku limodzi. Asanu ndi atatu enawo anali akale aja, a bokosi pansi pa tebulo. Ku Thuchila ndinapita pa minibasi, ndinaika, ndinayesa, fomu inayenda, ndinajambula chithunzi n'kutumiza kwa abwana ndisanatuluke n'komwe pakhomo. Ku Milonde ndinafika nditanyowa mpaka m'masokosi, wa kabaza atanditsitsa kawiri kuti tikankhe.

Kalaliki wamkulu wa ku Milonde anali mayi wachikulire, wa msinkhu wa mayi anga. Anabwera kuchokera ku Mozambique ali mtsikana nthawi ya nkhondo ija, n'kukhazikika konkuno. Kompyuta yawo ankaifunditsa nsalu, iwo ankati kapulana, ndipo m'khosi ankavala chingwe chokhala ndi makiyi ndi fulashi. Ine pofika ndinayamba n'kuwaseka kuti chithumwa chamakono n'chimenecho. Anamwetulira pang'ono, anavundukula kompyuta, anandipatsa mpando wawo. Ndili mkati moika anati, mwakachetechete:

"Achimwene, koma iyi imaiwala."

Ndinaseka. Ndinawafotokozera kuti kompyuta siiwala, amaiwala ndi munthu. Ndinawauza za diski, za memore, za mavidiyo omwe ndinaonera, ndinafika mpaka pa nkhani ya mafoni abodza omwe amalowa pa boda. Iwo anangomvetsera manja ali pamiyendo. Nditapuma anati, "Chabwino. Odziwa ndinu." Ndinawatsegulira fomu, mayina anatsika, pofiira panafiira. Ndinajambula, ndinatumiza, ndinakwera kabaza.

Chimene sindinachite, kulikonseko, ndi kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Sizinandibwerere m'mutu. Ine foni yanga sindinaizimitsepo dala chigulireni. Imafa yokha batire ikatha, ndipo ikadzuka zonse zimakhala momwe zinalili. Ndinkaona ngati chinthu chilichonse chokhala ndi sikirini chimatero. Pamene m'maofesi a kumudzi aja, hafu folo ikakwana amazimitsa zonse, kuzula ndi mapulagi omwe pakhoma, chifukwa mvula ya m'phiri imabwera ndi mphenzi ndipo anapsetsapo pulinta.

Ndinauza abwana kuti ntchito yatha, kutatsala masabata asanu. Anasangalala, anayamba kunditchula kuti injiniya pamaso pa anthu. Kenaka anaitana mayi wina wa ku likulu kuti adzaone, ndipo anasankha Milonde dala, kuti aonetse kuti ngakhale kutali zafika. Panadutsa masabata awiri mlendoyo asanabwere. Masabata awiri onsewo palibe anandiimbira kudandaula, ine n'kumati zonse zili bwino.

Tsikulo ndinavala shati yoyera. Tinalowa mu ofesi ya ku Milonde tonse, alimi angapo akusuzumira pa windo. Mayi kalaliki anavundukula kapulana, anayatsa. Ndinatsegula fomu. Chithunzi. Ndinadina pa mudzi, osagwedezeka. Ndinayang'ana mu bulawuza, kapulogalamu kanga kulibe, ngati sindinafikeko n'komwe. Pakamwa panayamba pokha. Ndinati mwina wina wagwiragwira, mwina ndi vailasi, mwina netiweki ya ku Mozambique yalowerera. Ndinatulutsa fulashi yanga, ndinaikanso anthu akuona, fomu inayenda, abwana anapumira m'mwamba. Magetsi anangophethira kamodzi, monga amachitira kumeneko. Kompyuta itadzuka, chithunzi.

Mlendo uja sanafunse ine. Anafunsa mayi kalaliki ngati zimenezi zimachitikachitika. Iwo anayamba ayang'ana kwa ine kaye, ngati akupepesa, kenaka anafotokoza. Makompyuta akale onse asanu ndi atatu bungwe linagula ku kafe ina ya intaneti yomwe inatsekedwa mu tauni. Eni makafe amawamanga makompyuta awo kuti chilichonse chomwe kasitomala waika kapena wasunga chifufutike akangozimitsa. Pogula palibe anawamasula. N'chifukwa chake kalaliki aliyense ankasunga ntchito yake pa fulashi. Onse ankadziwa, ku Milonde ndi ku Thuchila komwe. M'mawa mwake mwa tsiku lomwe ndinaika, anapeza palibe kanthu, anangotenga mabuku awo n'kupitiriza kulemba.

Abwana anafunsa chifukwa chomwe sananene. Mayi kalaliki anati munthu wotumidwa ndi ofesi yaikulu sumuimbira abwana ake kuti walakwitsa, komanso ndine mwana wa munthu, ndangoyamba kumene. Kalaliki wa ku Thuchila, titamuimbira pomwepo, anati iye ankaganiza kuti mwina ndibweranso. Ulemu wawo ndi umene unandimaliza. Akanandilalatira tsiku loyamba, bwenzi nditakonza mlendo asanabwere.

Tinabwerera tonse pa galimoto imodzi. Titafika pa Chitakale abwana anadikira mlendo atsike, n'kunena osandiyang'ana:

"Iwe, kwatsala masabata atatu. Zikapanda kuyenda, benchi yako ija sinapite kulikonse."

Masabata amenewo ndi omwe ndimatopa ndikawakumbuka. Kumasula makompyuta aja kunkafuna pasiwedi ya mwini kafe. Mwini kafe anapita ku Joni kalekale, nambala yake inkayankhidwa ndi mayi wina wogulitsa nsomba. Ndinaganiza zowafufuta onse n'kuyambiranso, abwana anakana, anati makina okalamba chonchi ukawavula sadzavalanso, ndipo akafa m'manja mwanga ndidzawafotokozera ndekha alimi. Ndinaonera mavidiyo mpaka maso kuwawa, bandulo ikutha ngati madzi a m'dengu. Wina akuti dina apa, wina akuti chotsa kabatire ka mkati, wina akulankhula chinenero chomwe sindikuchimva koma ndikuonerabe. Ndinayesa zonse pa kompyuta imodzi ya ku Thuchila, ulendo uliwonse minibasi yodzaza, kudikira pa siteji kuti ikwane, kondakitala kundiponda. Kompyuta ikadzuka, inkadzuka yoyera ngati mwana wobadwa lero. Kunyumba mayi ankafunsa kuti ku ofesi kuli bwanji, ine n'kumati bho.

Sabata yomaliza ndinapita ku Milonde popanda pulani iliyonse. Ndinapempha mayi kalaliki kuti ndingokhala pambali ndione momwe amagwirira ntchito. Anati mpando ulipo koma wailesi ali nayo kale. Ndinamva. Ndinakhala chete m'mawa wonse, foni m'thumba ikunjenjemera, zala zikundiyabwa. Iwo anayatsa kompyuta, anavula chingwe m'khosi, analowetsa fulashi, anatsegula kalata yomwe anasiya dzulo, analemba, anasunga pa fulashi pomwepo. Pa kompyuta sanasiyepo kalikonse. Ankaitenga ngati tebulo la pamsika, wabwera ndi katundu wako, uchoka ndi katundu wako.

Cha m'ma leveni ndinawafunsa, mwaulemu tsopano, ngati angandibwereke fulashiyo. Anati bola ndisakhudze makalata awo. Ndinatuluka panja kukasaka netiweki pafupi ndi msika, ndinafufuza ngati ilipo bulawuza yotha kukhala pa fulashi osalowa mu kompyuta. Inalipo. Ndinaikoka pa foni pang'onopang'ono, ikuduka, ndikuyambiranso, mayi wogulitsa chinangwa akundifunsa ngati ndikudikira munthu. Ndinabwerera, ndinaiika pa fulashi yawo, ndinaikamo kapulogalamu kaja. Fomu inayenda. Sindinajambule. Ndinazimitsa kompyuta, ndinazula pulagi pakhoma, ndinawerenga mpaka makumi awiri, ndinayatsa. Ndinatsegula bulawuza ya pa fulashi. Mayina anatsika. Ndinazimitsanso. Ulendo wachisanu mayi aja anagwira dzanja langa.

"Basi, achimwene. Mutiotchera."

Masiku anayi otsalawo ndinazungulira mafulashi a makalaliki onse asanu ndi atatu, aliyense kumuonetsa pomwe azidina, aliyense kumuzimitsira pamaso pake. Wina anali atabwereketsa fulashi yake kwa mlamu wake kuti akaikitse nyimbo, ndinadikira maola awiri kuti ibwere, ndipo inabwera ndi mavailasi ake. Lachisanu mafomu oyamba anafika ku likulu kuchokera kumaofesi onse atatu.

Lolemba abwana anandiitana. Envelopu inali pa tebulo. Anati a ku likulu akhutira kuti mafomu akufika, koma iwo sakhutira, chifukwa ntchito yanga ndi yomangirira ndi linya, tsiku lililonse ikhoza kumasuka. Ndinayamba kufotokoza kuti vuto ndi makina, anakweza dzanja. Anati popeza ndamanga ndine, womangiriranso ikamasuka ndikhale ine ndemwe. Ndinatsegula envelopu. Sinali ya ntchito yokhazikika. Miyezi ina itatu yondiyesa, ndipo pa ntchito yanga analembapo zoyendera maofesi a kumudzi sabata iliyonse.

Ndinasaina. Ndinalibe mphamvu yokondwera kapena yokwiya. Ndinatuluka, ndinakhala pa sitepe ya ofesi ndikuganiza kuti mayi ndikawauza chiyani, popeza yokhazikika sinali, kuchotsedwa sikunalinso. Ndisanaganize n'komwe, foni inalira. Wa ku Thuchila. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa kunyumba, kufunsa abwana, kenaka anati pepani achimwene, akazi ake achapa buluku fulashi ili m'thumba, ndipo alimi ali kale pa mzere panja. Ndinamuuza kuti asaiyanike padzuwa, asailowetsenso mu kompyuta. Ndinapinda kalata ija, ndinaiika m'thumba la shati, n'kutsetsereka kupita pa siteji.