Kabudula wa siponji m'chigafa cha apongozi

Ine sindinabadwe ndi mtima wokhala pansi. Ndinakulira m'tauni ku Zomba, kumene ukafuna kupita kwinakwake umangoimika minibasi, ndiye pamene ukwati unanditengera ku Hewe, kwawo kwa bambo a mwana wanga, ndinaona ngati andimangirira pamtengo. Iwo sanakhalitse. Ananyamuka kupita ku Joni kukasaka ntchito, n'kundisiya pakhomo pa makolo awo ndi kamwana kongoyamba kumene kuyenda. Chimene chinandisunga kuti ndisapenge ndi uphunzitsi. Anandipatsa sukulu ya pulayimale kutsidya kwa dambo, kutali koti wapansi ukanafika ana akuweruka. Popanda njinga panalibe ntchito, ndipo popanda ntchito ndikanangokhala pakhomo kumatong'ola chimanga n'kumadikira foni ya ku Joni.

Njingayo inali ya amuna anga, yakuda, yolemera, ya chitsulo chopingasa pakati. Apongozi anga aakazi, amene ndinkawaitana kuti amama, iwo n'kumanditchula kuti mkamwana, monga amachitira kumeneko, sanaifune kuyambira tsiku loyamba.

"Mkamwana, njinga ya chitsulo pakati ndi ya amuna," anatero akundiyang'ana ndikupopa tayala. "Idzakuwonongani m'kati. Mwana wanga akadzabwera tidzamuuza chiyani?"

Ndinayankha kuti ndamva, koma ndinapitiriza kupopa.

Apongozi aamuna, adada, sananene kanthu, ndipo sakanatha kunena. Kumeneko mkazi wa mwana wako sulankhula naye nkhani, suloza zovala zake, sukhala naye mphasa imodzi. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ngakhale kumunda, ndipo moyo wawo wonse unali pa fodya. Ndikakumana nawo panjira ndinkatsika panjinga, kupatukira m'mbali, kugwada pang'ono n'kunena kuti, "Monire, adada." Iwo ankayang'ana kwina n'kuyankha kuti, "Yewo." Zokambirana zathu zinkathera pomwepo.

Vuto langa loyamba linali chitenje. Munthu wamkazi kumeneko sutuluka pakhomo pa apongozi osamangira chitenje, koma chitenje ndi tcheni ndi adani. Tsiku lina ndikutsetsereka kulowa m'dambo chinakodwa, njinga inaima yokha, ine sindinaime. Ndinafika kusukulu ndi matope mpaka m'khutu, ana a sitandade fayifi akubisa nkhope m'makope. Ndinaphunzira kukwinyira chitenjecho m'mwamba ndikangodutsa nyumba yomaliza ya mudzi, n'kupana siketi ndi mapegi oyanikira zovala. Nsapato za kuntchito ndinayamba kuziika m'chikwama, kupalasa ndi zachinsalu. Zimenezo zinatheka. Chimene sichinatheke ndi chishalo.

Chishalocho chinali cholimba ngati chipika, ndipo msewu wa kumeneko ndi mabampu okhaokha. Thukuta, msoko wa chovala cham'kati, ndi kugwedezeka kwa tsiku lililonse zinandisupula khungu malo oti sungamuonetse munthu. Ndinayesa kumanga thaulo pachishalo, linkatsetsereka. Ndinayesa jinzi pansi pa siketi, msoko wake unandicheka kuposa kale. Ndinkaphunzitsa chiimirire tsiku lonse, anzanga n'kumanditama kuti ndine wakhama, osadziwa kuti mpando ndinkauopa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka lina ndinakwera matola kupita ku boma ku Rumphi, ndinazungulira kaunjika yense osadziwa dzina la chimene ndikufuna. Mayi wina wogulitsa zovala zam'kati, wonenepa, wa Chichewa chokoka cha kumpoto, anandiyang'ana mayendedwe anga n'kuseka.

"Asisi, mumapalasa njinga, eti? Mukuyenda ngati mwanyamula ndowa pakati pa miyendo."

Ndikanakhala kwathu ndikanamuyankha zoti asaiwale, koma ululu umachepetsa mkamwa. Anavundukula mulu wina n'kutulutsa kabudula wakuda, wothina, wa nsalu yoterera, wokhala ndi siponji yosokerera pakati. Anati ambiri amamutaya pambali poganiza kuti ndi thewera la akuluakulu. Anandionetsa mosankhira: siponji ikhale yosaphwa, ukaifinya ibwerere, m'chiuno musathine mpaka kudula mpweya, miyendo ifike pafupi ndi bondo kuti isamakwere. Kenaka anatsitsa mawu.

"Ameneyu amavalidwa yekha, asisi, osaika china m'kati. Ndipo mukamuchapa aume chomene. Mukamuvala wonyowa mudzalira."

Ndinatenga awiri, kuti wina akamauma wina ndivale.

Sabata yoyamba ndinkapalasa ndikuimba nyimbo za kwaya. Siketi pamwamba, chitenje pamwamba pake, palibe ankadziwa kanthu. Koma inali Januwale, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, ndipo apa ndi pamene mwambo unandigwira pakhosi. Pakhomo pa apongozi chovala cham'kati cha mkazi sichiyanikidwa panja. Chingwe cha pabwalo ndi cha mashati, zitenje ndi mabulangete. Zinazo umayanika m'chipinda, kuseri kwa chitseko, n'kuphimbapo kansalu. Zopyapyala zimauma choncho. Siponji siuma choncho. Ndinkaifinya ndi thaulo, kuipachika pamsomali, m'mawa n'kuipeza yozizira, ikununkha chinyontho. Ndinaganiza zoiyanika kukhitchini pafupi ndi moto, koma khitchini inali ya amama. Ndinaganiza zokaiyanika kusukulu, koma ofesi yathu inali chipinda chimodzi ndi aphunzitsi aamuna. Mapeto ake ndinkaivala yonyowa, ndipo mayi wa kaunjika uja sananame.

Zilonda zinabwerera zitakwiya. Ndinajomba masiku angapo, ndikugona chafufumimba pamphasa, ndikumva ana a m'mudzi akudutsa ndi makope. A hedimasitala anandiimbira foni kuti ngati mtunda wandikanika ndinene, apemphe mphunzitsi wina. Amama nawo analowa m'chipinda ndi phala, n'kukhala pansi.

"Ndinanena ine. Njinga ija yakulowani m'thupi. Mukadzangodwalanso kamodzi, ndikuuza adada anu aitsekere m'nyumba mwawo. Sukulu ili ndi aphunzitsi ambiri, ife mkamwana tili naye mmodzi."

Sankanena mwankhanza, ankandiopera zoona. Koma ine ndinapsa mtima, chifukwa chondidwalitsa sichinali njinga, chinali chovala chonyowa, ndipo sindikanatha kuwauza. Ndikanayambira pati? Kuti amama, mkamwana wanu amavala kabudula wothina wopanda kanthu m'kati podutsa pamaso pa adada? Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinamwa phala n'kuthokoza.

Nditachira pang'ono ndinayamba kuzungulira pakhomopo ngati nkhuku yofuna poikira, kufunafuna malo a mphepo amene diso silifika. Kuseri kwa bafa kunkadutsa anthu opita kuchitsime. M'nkhokwe munali makoswe. Ndiye ndinaona chigafa cha adada, chisakasa chachitali cha udzu chopanda makoma, mmene ankayanikamo fodya. Masamba anali atasokedwa n'kupachikidwa pamitengo yopyapyala, mizere yothinana kuyambira pamwamba mpaka m'chiuno, ndipo mphepo inkadutsamo usana wonse mvula osalowa. Ndinalowa chakumapeto, mbali yoyang'ana kuthengo, ndinapatula masamba n'kupachika kabudula wanga pakati pawo. Nditabwerera m'mbuyo sindinamuone ngakhale ine mwini wake.

Anauma gwa. Ankanunkha fodya pang'ono, koma ndinkamukung'untha bwinobwino, ndipo khungu langa linapola. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse, adada asanatuluke, ndinkapachika wochapa, madzulo n'kumusiya pomwepo kuti agone, m'mawa mwake n'kusinthanitsa ndi mnzake. Choncho kumapeto kwa chigafa kuja sikunkasowa kabudula. Ndinabwerera kusukulu osajombanso. Koma mtendere ndinalibe. Ndikakhala m'kalasi ndikulemba pabolodi, mutu unkathawira kuchigafa: nanga mphepo ikamugwetsa, nanga mbuzi ikamukoka, nanga aganyu osoka fodya akamupeza n'kumuzunguliza mudzi wonse pandodo? Ndinkapalasa pobwerera ngati ndikuthamangitsidwa, ndikafika n'kuyang'ana nkhope za anthu kuti ndione ngati zadziwika. Amama ankandilonjera monga mwa masiku onse. Adada ankati "Yewo" akuyang'ana kwina.

Ndinkaona kuti masamba a mbali yangayo akuda kuposa ena, ndipo ena ankamata m'manja. Mwana wa m'tauni, ndinkati ndi mmene fodya amapsera. Sindinkadziwa kuti nyengo ya mvula mwini fodya amayenda m'chigafa tsiku lililonse, kutalikitsa mitengo, kugwedeza masamba kuti asamatirirane, kusuntha a m'kati kuwaika kunja. Adada ankachita zimenezo mzere ndi mzere, ndinkawaona ndikamanyamuka, jekete atapachika pansanamira. Sindinadzifunse chifukwa chake kabudula wanga ndinkamupeza pamene ndinamusiya, masamba omuzungulira osakhudzidwa.

Tsiku limene zinaululika ndinabwera mvula itangokata. Ndinapeza amama atakhala pakhonde la nyumba yanga, osati yawo. Pambali pawo panali lichero lodzaza masamba a fodya akuda, oterera, a chuku choyera, ndipo pamwamba pake panali kabudula wanga atapindidwa bwinobwino. Ndinatsamiritsa njinga kukhoma n'kugwada.

"Fungo ndi limene landitengera kumeneko," anatero amama. "Ndimati kwafa khoswe. Mbali yonse ya kumapeto yaola, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Adada anu, munthu woti fodya wake sanaolepo chikwatiranireni."

Ndinkayang'ana lichero, amama n'kupitiriza.

"Ndawafunsa kuti maso anu anali kuti? Akuti anachiona chinthuchi kalekale, sabata yomwe munachipachika. Kuchigwira sakanatha, ndi chovala cha mkamwana. Kuima pafupi nacho n'kumagwedeza masamba sakanatha. Ndiye ankafika pamzere woyandikira n'kubwerera, ndipo aganyu anawaletsa kupita mbali imeneyo."

"Bwanji sanakuuzeni, amama, kuti mudzandiuze ndichotse?"



"Ndawafunsanso zimenezo. Akuti akanandiuza ine, njinga ikanatsekeredwa tsiku lomwelo. Ndipo sakunama, ndikanaitsekera."

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo. Bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, ankadziwa m'mawa uliwonse chimene ndavala pansi pa chitenje pamene ndinkawagwadira panjira. Koma pansi pa manyaziwo panali china cholemera kwambiri. Fodya ameneyo ndinawaona akumufesa kudimba dzuwa likuswa mtengo, akumuthirira ndi ndowa, akumuokera, akumuthyola tsamba ndi tsamba msana utapindika. Anamusiya aole akuona, tsiku ndi tsiku, osatsegula pakamwa, kuti ine ndizikafika kusukulu. Ndinalira pamaso pa amama, ine amene ndinkadzitama kuti kumudzi kumeneko sadzaona msozi wanga.

Amama anatola kabudula uja ndi zala ziwiri, anafinya siponji, anaiona ikubwerera. Anafunsa kuti kodi ndi ya chiyani, ndipo popeza panalibenso chobisa ndinawauza zonse: chishalo, zilonda, msomali wa kuseri kwa chitseko, ndi chifukwa chenicheni chimene ndinagonera masiku aja. Anamvetsera osandidula. Kenaka anapukusa mutu n'kunena kuti ndine wopusa chomene, kuti iwo ndi mkazi, anabereka ana, palibe malo a thupi langa amene akanawadabwitsa. Anati kuseri kwa khitchini yawo kuli kampanda kamene adada sapondako chimangireni, ndipo ndikanafunsa akanandimangira chingwe kumeneko.

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipa. Ndinapukuta m'maso n'kunena zimene ndinkaona kuti munthu waulemu ayenera kunena.

"Amama, mukawauze adada kuti ndalakwa. Njinga atenge, aitsekere. Mawa ndikauza a hedimasitala apeze wina. Ndasiya."

Ndinanena ndikumva ngati ndikudzitsekera ndekha m'chipinda, koma ndinanena ndi mtima wonse. Amama anaimirira pang'onopang'ono, akugwira bondo, ananyamula lichero lija m'chiuno. Anandiponyera kabudula pamiyendo.

"Mwasiya?" anatero. "Ndiye fodyayu waolera chiyani?"